Pulinta ya laser: zimene ndaona kuti zimakongoletsa kapena kuwononga pepala, kupatula nambala ya dpi

Ntchito yanga imandikhalitsa pafupi ndi pulinta tsiku lonse. Makalata, mafomu, malipoti okhala ndi zithunzi, timabuku ta misonkhano, masatifiketi, zonsezi zimadutsa m'manja mwanga zisanafike kwa eni ake. N'chifukwa chake anthu amakonda kundifunsa akafuna kugula pulinta ya laser, kapena yawo ikayamba kutulutsa mapepala osaoneka bwino. Funso lake limakhala limodzi lomwelo: ndipeze ya ma dpi angati? Amene ali ndi ya 600 amalakalaka ya 1200, amene ali ndi ya 1200 wamva kuti kuli ina yolembedwa 2400. Ine ndagwiritsapo ntchito makina a manambala onsewa, ndipo ndaonapo pulinta ya 600 ikutulutsa pepala loti mungalipereke kwa aliyense mopanda manyazi, kwinaku ya 1200 ikulavula zilembo zotuwa zimene zimafufutika mukangozikhudza ndi chala.

Nambala ya dpi imangonena kuchuluka kwa timadontho timene kuwala kwa laser kungathe kuika pa mtunda wa inchi imodzi. Pa 600, kuchoka pa kadontho kamodzi kufika pa kanzake pali pafupifupi 0.04 ya milimita. Pa 1200 ndi theka la pamenepo. Munthu wowerenga kalata ya zilembo wamba sangakuuzeni kuti pepala ili ndi la 600, ili ndi la 1200. Ndawayesapo anzanga a mu ofesi, amangolota. Tizikumbukiranso kuti LaserJet yoyamba ya HP, ya mu 1984, inali ya 300 basi, chimodzimodzinso LaserWriter ya Apple imene inatuluka mu 1985, koma anthu anasindikiza timabuku ndi nyuzi zooneka bwino pa makina amenewo. Pamene LaserJet III inatuluka mu 1990, nambala inali ikadali 300 yomweyo, koma zilembo zinasalala kuposa kale chifukwa makinawo ankasintha kukula kwa kadontho ndi malo ake m'mphepete mwa chilembo. LaserJet 4 ya mu 1992, imene inafika pa 600, inabwera ndi toner, ufa wosindikizira, wosalala kwambiri, poti timadontho ting'onoting'ono simungatijambule ndi ufa wokhakhala. Ndipo manambala akuluakulu ena olembedwa pa katoni sakhala madontho enieni ayi. Makina amakhala a 600, koma opanga amawerengera luso losalaza lija n'kunena kuti zotuluka zake zikufanana ndi 1200 kapena 2400.

Kuti zina zonse zimveke, tione kaye njira imene chilembo chimadutsa. M'kati mwa pulinta muli chogudubuza chotchedwa drum, chokutidwa ndi mankhwala omva kuwala. Choyamba drum imapatsidwa mphamvu ya magetsi thupi lonse. Kenako laser imawalitsa malo okhawo amene pakhale chilembo, ndipo pamenepo mphamvu ija imasintha. Toner, amene ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, amakakamira malo amenewo, monga mmene chipeso chapulasitiki chimakokera tizidutswa ta pepala mukachikwecha m'tsitsi. Pepala likamadutsa, chogudubuza china cha kunsi kwake chimakoka ufawo kuuchotsa pa drum n'kuukhazika papepala. Apa ufa wangokhala pamwamba, kuukhudza ungachoke. Pomaliza pepala limalowa mu fuser, mmene kutentha kwa madigiri pafupifupi 200 ndi kupsinja zimasungunula ufawo kuti ugwire pepala. Pa masitepe onsewa, dpi ikukhudza limodzi lokha, la laser.

Chimene chandivutitsa kwambiri pa zaka zonsezi ndi pepala lenilenilo. Tsiku lina tinali ndi lipoti lofunika kutuluka makope ambiri, ndipo masamba oyamba anatuluka mawangamawanga: pena zilembo zakuda bii, pena zotuwa, pena m'kati mwa chilembo moyera ngati chadyedwa. Masambawo ankatuluka atapindika, ofunda ndiponso ngati onyowa pang'ono, ndipo pakamwa pa makina panali timadontho ta madzi. Mnzanga anathamangira kukatenga cartridge yatsopano, chibokosi chimene mumakhala toner, akuti toner watha. Ndinamupempha kuti adikire. Tinachotsa mapepala onse mu thireyi, n'kutsegula limu ina, phukusi la mapepala, imene inali isanang'ambidwe, ndipo tsamba loyamba lomwe linatuluka loyera ndi lakuda bwinobwino, cartridge ili yomwe ija. Mapepala oyambawo anali atakhala otsegula pansi, pafupi ndi khoma, m'chipinda chosungiramo katundu chimene mumachita chinyezi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kusamuka kwa toner kuchoka pa drum kupita papepala kumadalira kuti pepala lisunge mphamvu ya magetsi kwa kanthawi. Pepala lachinyezi limaitaya mphamvuyo, ndiye ufa wina umatsalira pa drum. Likafika mu fuser, madzi aja amasanduka nthunzi, pepala limapindika kapena kukhwinyata, ndipo kutentha kumene kukanasungunula toner kumathera pa kuumitsa pepala. Pepala louma mopitirira nalo lili ndi vuto lake, masamba amamatirirana ndipo ufa umamwazikira m'mbali mwa zilembo. Chikutiro cha limu chija sichongokongoletsa, chinapangidwa kuti chitchinge chinyezi. Choncho ine nditsegula limu pokhapokha ndikuifuna, zotsala ndimazibwezera m'chikutiro n'kupinda pakamwa, ndipo sindiika mapepala pansi. M'nyengo yachinyezi sindisiya mapepala ambiri mu thireyi kuti agone mmenemo masiku.

Kulemera ndi kusalala kwa pepala ndi nkhani inanso. Pepala wamba la mu ofesi limakhala la magalamu 80 pa sikweya mita. Makadi a masatifiketi amakhala a 160, 200 kapena kuposa. Ndinalandirapo madandaulo oti masatifiketi amene tinasindikiza akusenda, dzina la munthu likuchoka akangolikanda ndi chikhadabo. Makina anali abwinobwino. Vuto linali loti amene anatumiza ntchitoyo anasiya pulinta ikuganiza kuti m'kati muli pepala wamba. Malo aja osankhira mtundu wa pepala, amene ambiri amangowadumpha, ndi amene amauza makina kutentha koyenera ndi liwiro loyendetsera pepala. Mukasankha pepala lolemera, mudzamva makina akuyenda pang'onopang'ono. Akupereka mpata woti kutentha kulowerere m'khadi lokhuthalalo. Tinasintha pamenepo pokha, ndipo zilembo zinagwira. Kuyambira pamenepo ndikasindikiza pa khadi, tsamba loyamba ndimalipinda pakati pa zilembo n'kulikanda, kapena kumata selotepi n'kumatula. Ngati selotepi yanyamula zilembo, sindipitiriza.

Mapepala okhakhala okongoletsa aja, amene amamveka bwino m'manja, laser sagwirizana nawo kwenikweni: ufa sufika m'timaenje take, ndiye mizere yopyapyala imaduka. Ndipo chonde, pepala lonyezimira la zithunzi lopangidwira pulinta ya inki musaliike mu laser. Zokutira zake zimatha kusungunuka n'kumatirira mu fuser, ndipo fuser si chinthu chochitira masewera. Malebulo ndi mapulasitiki oonekera nawonso muzionetsetsa kuti alembedwa kuti ndi a laser.

Za toner ndinena mosabisa, ngakhale ena sagwirizana nane. Si toner yense wakuda amene ali wofanana. Timibulu ta toner wa masiku ano timakhala pakati pa ma micron 5 ndi 10 (ma micron 1000 ndiwo milimita imodzi), ndipo wina amapangidwa pogaya pulasitiki, wina amakulitsidwa m'mankhwala kotero timibulu take timakhala tobulungira ndi tofanana kukula. Mtundu uliwonse unapangidwa kuti uzisungunuka pa kutentha kwa fuser ya makina ake, komanso kuti uzinyamula mphamvu ya magetsi yoyenera drum yake. Mukathira ufa wosagwirizana ndi makina, zotsatira zake ndi pepala lothimbirira, lokhala ngati lawazidwa fumbi lotuwa m'malo oyenera kuyera, kapena zilembo zonenepa zopanda m'mphepete mooneka. Sindikuti cartridge yowonjezeredwa toner ndi yoipa nthawi zonse. Ndagwiritsapo ntchito zina zimene zinagwira bwino kwambiri, ndipo pa mapepala ongowerengera mu ofesi sindiona chifukwa chozikanira. Koma m'makina ambiri drum ndi kampeni kopalira ufa wotsala pa drum zili m'kati mwa cartridge momwemo, ndipo zinapangidwira moyo wa ufa umene unabwera nazo. Wodzaza ufa yekha osasintha ziwalo zimenezi akukupatsani toner watsopano pa drum yokalamba. Ntchito yopita kwa anthu akunja ndimaisungira cartridge imene ndikuidalira.

Musanadandaule kuti zilembo zikutuwa, yang'ananinso ngati wina sanayatse njira yopulumutsira toner. Imabisala m'masetingi, ndipo munthu mmodzi akaiyatsa pa makina penipeni, ofesi yonse imasindikiza zotuwa osadziwa chifukwa. Cartridge ikayandikira kutha, kuichotsa n'kuigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku kumagawa ufa wotsalawo, ndipo mutha kumaliza ntchito ya tsikulo.

Chida chimene chandithandiza kuposa zonse pofufuza zovuta ndi rula. Ngati banga kapena kadontho kakubwerezabwereza kutsika ndi pepala, yezani mtunda wa pakati pa mabanga awiri otsatizana. Chilichonse chozungulira m'makina chimasiya chilema chake kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndiye mtundawo ndi wofanana ndi kuzungulira kwa chiwalo cholakwacho. Drum yonenepa mamilimita 24 imabwereza banga pa mamilimita pafupifupi 75. Ya mamilimita 30 imabwereza pa 94. Zogudubuza zazing'ono, monga chopereka magetsi ku drum kapena chonyamula toner, zimabwereza pafupipafupi kuposa pamenepo. Mabuku a amisiri a makina ambiri amakhala ndi mndandanda wa mitunda imeneyi. Ndinaonapo kadontho kakuda kakutuluka malo amodzimodzi pa tsamba lililonse, kanayi kutsika ndi pepala la A4. Rula inati 75. Titatulutsa cartridge n'kuzunguza drum pang'onopang'ono, tinapeza kachidutswa ka guluu wa lebulo katamatirira pamenepo, kakang'ono kosafika mutu wa phini.

Mizere yoyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi imanena zina. Mzere woyera kawirikawiri ndi fumbi pa kagalasi kamene kuwala kwa laser kumatulukira, kapena ufa sukufika mbali imeneyo. Mzere wakuda ndi drum yokandika kapena kampeni kopalira kotha, ndipo pa makina okhala ndi kawaya kopereka magetsi, kawayako kakhoza kukhala kakuda. Amaikapo kachipangizo kotsetsereka kopukutira kawayako, koti mukayendetse uku ndi uku n'kukabwezera pamalo pake. Mukaona chithunzithunzi chofowoka cha mutu wa kalata chikubwerezedwa chapansi pa tsamba, ndiye kuti drum sikuyeretsedwa bwino, kapena fuser ikunyamula ufa n'kukaudinda patsogolo. Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, amisiri amatsegula chitseko pepala lili pakati pa ulendo, makina n'kuima. Ngati chilema chikuoneka kale pa gawo la pepala limene silinafike mu fuser, fuser ilibe mlandu. Mukayesa zimenezi samalani, fuser imawotcha. Drum nayo musaigwire ndi zala kapena kuisiya pa kuwala nthawi yaitali, imawonongeka. Toner akakutayikirani pa chovala, kung'unthani n'kuchapa ndi madzi ozizira. Otentha amamusungunulira m'nsalu.

Pali malo amodzi amene dpi imagwiradi ntchito, ndipo ndi pa zithunzi. Pulinta yosindikiza zakuda zokha ilibe ufa wotuwa. Kuti ionetse nkhope ya munthu kapena mtambo, imasonkhanitsa timadontho take m'timagulu, pena tikulutikulu pena ting'onoting'ono, diso n'kumaona ngati kutuwa. Kuchuluka kwa mizere ya timagulu timeneti pa inchi kumatchedwa lpi. Apa pali kusinthanitsa. Pulinta ya 600 ikaika mizere 106 pa inchi, kagulu kalikonse kamakhala ndi timadontho tochepa, moti mitundu ya kutuwa imene ingapange ndi 33 chabe kapena chapompo. Ikatsika pa mizere 85, ngati ya m'nyuzipepala, mitundu imakwera kufika cha m'ma 50, koma timagulu timayamba kuoneka ndi maso. Ya 1200 pa mizere 106 imapitirira mitundu 120. Ndiye ngati ntchito yanu ndi zithunzi, 1200 yeniyeni ili ndi phindu. Koma ngakhale pamenepa, makina awiri a 600 angathe kusiyana kutalitali chifukwa cha mmene pulogalamu yawo imasanjira timagulu timeneti. Ndipo ngati tsambalo mukalichita fotokope pambuyo pake, timagulu tikulutikulu ndi timene timapulumuka. Tosalala kwambiri timangosanduka matope. Ufa umafalikiranso pang'ono ukapsinjidwa, choncho zithunzi zimatuluka zakuda kuposa mmene zikuonekera pa kompyuta. Ine ndimaziwalitsa pang'ono ndisanazitumize, makamaka za nkhope.

Nthawi zambiri mlandu umakhala wa fayilo. Munthu amabwera ndi logo imene waikopera pa intaneti, yotambalala timabokosi 300 tokha (timadontho timene timapanga chithunzi pa kompyuta), akufuna idzaze theka la tsamba. Palibe pulinta ingaikonze imeneyo. Makina abwino amangoonetsa bwino kuipa kwake. Chithunzi chimafunika timabokosi 200 mpaka 300 pa inchi iliyonse ya kukula kumene chisindikizidwe. Kalata yojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi imafika itafinyidwa, zilembo zili ndi utsi m'mbali. Pemphani fayilo yeniyeni ya Word kapena PDF yopangidwa kuchokera ku zolembazo, chifukwa mmenemo zilembo zimasungidwa ngati maonekedwe amene pulinta imajambula yokha mwa luso lake lonse. Chinanso chimene okonza masamba amakonda ndi zilembo zotuwa, akuti zimaoneka zamakono. Pa kompyuta inde. Pa laser, chilembo chaching'ono chotuwa chimapangidwa ndi timagulu tija, ndiye m'mphepete mwake mumakhala manomano. Zilembo zazing'ono zikhale zakuda kotheratu.

Ndinakumanaponso ndi zodabwitsa: fomu imene inkatuluka bwino pa makina akale itapita pa makina a 1200, mizere ya mabokosi ake inatsala pang'ono kusowa. Wokonza fomuyo anasankha mzere wopyapyala kwambiri umene pulogalamu ingalole, ndipo mzere wotero umatuluka wonenepa kadontho kamodzi ka makina amene akusindikiza. Pa 300 unkaoneka, pa 1200 unapyapyala kanayi. Tinangoupatsa mzerewo kunenepa kodziwika, theka la pointi (muyeso wa mizere ndi zilembo), basi nkhani inatha.

Driver, pulogalamu ija yolumikiza kompyuta ndi pulinta, nayo imasintha zinthu. Makina ambiri a mu ofesi amamva zilankhulo ziwiri, PCL ndi PostScript. Pa makalata wamba kusiyana kwake n'kochepa, koma PDF yokhala ndi zojambula zovuta, mithunzi ndi zilembo zachilendo ndaona ikutuluka bwino pa PostScript itakanika pa inzake. Driver imene kompyuta imadziikira yokha nthawi zina ilibe masetingi onse a makinawo, ndi bwino kuika ya opanga.

Pa pulinta ya mitundu mavuto onsewa achulukitseni kanayi, poti muli toner wa mitundu inayi amene ayenera kugwera malo amodzi ndendende. Akaphonyana pang'ono, zilembo zimakhala ndi mphonje yofiira kapena yobiriwira, ngakhale makina atakhala a dpi yochuluka bwanji. M'masetingi mumakhala njira yoti makina adzilinganize okha. Ichiteni mukasintha cartridge kapena mukasuntha makina. Onetsetsaninso kuti zilembo zakuda zikusindikizidwa ndi toner wakuda yekha, osati posakaniza mitundu yonse. Ndipo buluu wowala amene mukumuona pa sikirini sadzatuluka choncho papepala, chifukwa kuwala kumapanga mitundu ina imene ufa sungathe.

Wina akandiitana kuti pulinta yake ikusindikiza zoipa, ndimayamba ndi tsamba loyesera limene makina amatulutsa okha kuchokera pa mabatani ake, kompyuta isanalowererepo, ndipo ndimaikamo pepala la mu limu yongotsegula kumene. Likatuluka bwino, vuto lili ku fayilo, ku driver kapena ku mapepala akale aja. Likatuluka loipa, ndiye rula ndi cartridge. Kwa wofuna kugula, ndimamuuza atenge fayilo yake ndi pepala limene azigwiritsa ntchito, akapemphe kuti zisindikizidwe pa makina amene wawasirirawo. Pa tsambalo pakhale zilembo zazing'ono kwambiri za mapointi 6, zilembo zoyera pa malo akuda, bokosi lalikulu lakuda bii, ndi chithunzi cha nkhope. Bokosi lakuda limaulula msanga ngati ufa ukugwa mofanana kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo zilembo zoyera zimasonyeza ngati ukufalikira. Ngati alola, asindikize masamba angapo motsatizana n'kuyang'ana lomaliza, chifukwa makina ena amayamba bwino koma akatentha zotuluka zimasintha. Afunsenso ngati drum imagulidwa payokha kapena ili m'kati mwa cartridge, komanso kuti fuser ndi zogudubuza zimasinthidwa pakatha masamba angati.